Ndikufuna kumanga injini ya CB350 kamodzi kokha, ndiyambire pati?

Mphepozinayi
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi njinga yamoto yakale, Honda CB350 ya 1971, ya masilinda awiri ija. Inakhala zaka zambiri ili chiimire. Nditatsuka makabuleta n'kuika batire latsopano yalira ndithu, koma ikatentha ikufuka utsi wabuluu, pulagi yakumanzere ikutuluka yonyowa ndi oyilo, ndipo kumutu kwa injini tcheni chikusokosa. Makaniko wina akuti tingoponyamo maringi atsopano ndi gasiketi, pofika madzulo ndikhala ndikuyenda. Mtima wanga wakana. Ine za liwiro ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna ndiimange kamodzi, ndiyendere zaka khumi osaimasulanso. Ndisinthe ziti, ndisiye ziti?

Fulukutu
Maringi okha? Makaniko ameneyo wakukondani, akufuna muzionana mwezi uliwonse.

Kadzioche77
Amwene, poti mukumasula kale, musabwezeremo zakalezo. Injiniyo ndi ya 325cc ngakhale analemba 350. Kulitsani masilinda, muike mapisitoni aakulu, mupezenso camshaft (chitsulo chozungulira chotsegula ma valve) ya mpikisano. Ntchito ndi yomweyo, koma njinga izikoka mpaka mudabwe.

MadalaWaSipanala
A Kadzioche, funsolo mwaliwerenga koma? Munthu wati liwiro salifuna.

A Mphepozinayi, musagule kanthu kaye, ngakhale gasiketi. Muyambe mwaiyeza isanamasulidwe, chifukwa mukangoichotsa mutu zina simudzazidziwanso. Itenthetseni, chotsani mapulagi onse awiri, tsegulani throttle mpaka pamapeto, muyeze compression, mphamvu yomwe pisitoni ikupanikizira mpweya, mbali iliyonse. Masilinda awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Kenako thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi la mbali yofookayo, muyezenso. Nambala ikakwera, ndiye kuti mpweya ukuthawira m'maringi kapena silinda yadyeka. Ikakhala pomwepo, nkhani ili ku ma valve. Utsinso muuyang'ane nthawi yomwe ukutuluka. Ukamachuluka pokoka moto, kawirikawiri ndi maringi. Ukamabwera mutabweza moto potsika mtunda, oyilo akudutsira m'ma valve guide otha, timapaipi tomwe ma valve amayendamo.

Mukamasula, silinda musaiweruze ndi maso kapena chikhadabo. Ya CB350 inachoka ku fakitale ndi bowo la 64 mm. Iyezedwe ndi bore gauge, chida choyezera kukula kwa bowo, pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo paliponse kawiri, motsata pini ya pisitoni komanso mopingasa. Silinda yakale imadyeka kwambiri kumtunda komwe ringi yoyamba imatembenukira, ndipo bowolo silikhalanso lozungulira bwino. Maringi atsopano ndi ozungulira, ndiye m'bowo lotere sangatseke. Adzafuka utsi kuyambira tsiku loyamba.

Ngati yapitirira muyeso wa m'buku la fakitale lokonzera njingayi, kulitsani pang'ono pokha poti bowo liwongoke. Mapisitoni ake alipo a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm. Musalumphire womaliza pomwe 0.25 akukwana, siyirani malo amene adzaimangenso mtsogolo. Ndipo mugule mapisitoni kaye, muwatengere kwa wa makina obowolera, iye abowole molingana ndi pisitoni yomwe ili m'manja mwake.

Kadzioche77
Madala, ndi ulemu wonse, mantha akuchulukirani. Anthu amathamangitsa njinga zimenezi pa mipikisano ndi mapisitoni aakulu mpaka lero.

MadalaWaSipanala
Eya amathamangitsa, ndipo amazimasula pafupipafupi. Walira mvula walira matope. Compression ikakwera kutentha kumakwera, ndipo injini iyi imazizira ndi mphepo basi. Camshaft ya mpikisano imafuna masipuling'i olimba, masipuling'i olimba amadya ma rocker, timikono tokankha ma valve. Zonsezo wa mpikisano amazivomera. Mnzathuyu wapempha zaka khumi.

Tsinzinantole
Aliyense wathamangira kumapisitoni, phokoso la tcheni lija mwalisiya. Ine ndi lomwe likundiopsa. Tcheni cha timing pa injini iyi chimadutsa pakati pa masilinda awiriwo, ndipo chimakungidwa ndi timagudumu ta labala. Labala wa 1971 panopa anauma kalekale. Amayamba kunyenyeka, tizidutswa timagwera pansi mu oyilo, n'kukatseka kasefa ka pampu. Tcheni chikakhwepa chimayamba kupala aluminiyamu wa m'mbali, ndiye mu oyilo mumakhala labala ndi fumbi la chitsulo limodzi. Timagudumu timeneto musatiyeze n'komwe, ingotayani muike tatsopano, pamodzi ndi tcheni chake.

Mphepozinayi
Zikomo akuluakulu. Ndiye kuti ndigawe injini yonse mpaka pansi? Ndimaganiza zongothera kumutu ndi masilinda.

Fulukutu
Gawani. Mukufuna zaka khumi koma mukuopa mabawuti a pansi?

Tsinzinantole
Mukhoza kulowetsa tcheni chodula n'kuchilumikiza ndi rivet osagawa, anthu amatero. Koma simudziwa chomwe chagona pansi pa injiniyo. Ikagawidwa mumaona magiya, mafoloko osinthira magiya, mabelingi, ndipo ma seal onse amalowa atsopano. Crankshaft yake ndi yopanikizidwa ndi makina, ma con rod ake, mikono yolumikiza pisitoni ndi crankshaft, samasulidwa ndi sipanala ngati a galimoto. Chomwe mungathe n'kugwira con rod iliyonse, muikokere m'mwamba ndi kuikankhira pansi. Kusewera pang'ono cham'mbali n'kololedwa. Ikagwedera chokwera ndi chotsika, ngakhale pang'ono, imeneyo ipite kwa katswiri kapena mupeze ina.

MadalaWaSipanala
A Tsinzinantole alasa. Ndiwonjezere nkhani ya oyilo, chifukwa injini zambiri zamtunduwu zomwe ndaona zitafa sizinafe ndi mapisitoni ayi. Zinafa ndi ludzu kumutu.

CB350 ilibe sefa ya pepala. Kumapeto kwa crankshaft, mbali yakumanja, kuli kachitini kozungulira. Oyilo akamadutsamo, kuzungulirako kumaponyera zinyalala m'mbali n'kumamatira pamenepo. Imagwira ntchito bwino, koma imafuna munthu aitsegule n'kuipala, ndipo eni njinga ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Ikadzaza, zinyalala zimangodutsa. Tsono camshaft ya injini iyi ilibe mabelingi akeake, imazungulira pa aluminiyamu weniweni wa zotsekera za m'mbali mwa mutu. Pakati pa chitsulo ndi aluminiyamuyo pali oyilo yekha. Oyilo akachedwa kufika kapena akafika ndi mchenga, pamenepo pamakandika, ndipo kukanda kumeneko sikubwerera.

Ndiye njira iliyonse ya oyilo, kuchokera pa kasefa ka pampu mpaka kumutu, muipoperemo mankhwala otsukira, muone akutulukira mbali ina, kenako muuzire ndi mpweya wa kompuresa. Pa chotsekera cha kachitini kaja pali kachitsulo ka sipuling'i kolandira oyilo. Kadinikizeni ndi chala, kazibwerera kokha mosagwira.

Chomaliza, silikoni ayi. Ndikubwereza, silikoni ayi. Mukamanga mabawuti amafinyikira mkati, amauma, amaduka, n'kukakhala pa kabowo kopita kumutu. Pomwe pali gasiketi, ikani gasiketi pamalo oyera. Pogawanika pa injini, pomwe palibe gasiketi, pakani sealant wopangidwira ntchito imeneyo, mopyapyala kwambiri, ndipo musamufikitse pa mabowo a oyilo.

Nachisale_T120
Madala mwandilankhulira. Ife a njinga za ku Britain tili ndi msampha womwewo, kungoti wathu ndi wobisika zedi. Yanga ndi Triumph Bonneville T120, mtundu womwe unatuluka koyamba mu 1959. Mkati mwenimweni mwa crankshaft muli kapaipi kosungira matope a oyilo, ka sludge trap. Kuti mukafike, injini yonse igawidwe, crankshaft ituluke, mumasule chotsekera chomwe chimakhala chitakakamira. Munthu amatha kuika mapisitoni atsopano, ma valve atsopano, penti waphee, koma kapaipi kaja osakakhudza. Kakadzaza, oyilo safika ku ma big end, pomwe ma con rod amagwira crankshaft, ndipo yoyamba kuvutika imakhala yakumanzere chifukwa oyilo amalowera kumanja. Nditagula yanga, wogulitsa analumbira kuti inapangidwa ovaholo. Nditatsegula, matope anali olimba moti ndinachita kuwagoba ndi chitsulo.

Fulukutu
Achemwali, inu mungalangize munthu za oyilo? Triumph ikasiya kudontha ndiye kuti oyilo watha.

Nachisale_T120
Nthabwala imeneyo ndi yakale kuposa njinga yanga. Zimadontha chifukwa injini yake inagawidwa choimirira, mzere wolumikizira umadutsa pansi pomwe pamakhala oyilo, ndiponso anthu akhala akuzikanula ndi sikuludilaiva zaka zonsezi. Mukasalaza nkhope zolumikizirana pa galasi ndi sandipepa, zimauma bwinobwino. Yanga pansi pake mpouma.

Chiphaliwali
Nonsenu mukudzivutitsa. Gulani CG125 mupume. Honda anaitulutsa mu 1975 ndi injini ya ma pushrod, yomwe camshaft yake ili pansi osati kumutu, dala, ataona kuti m'maiko ambiri anthu sasintha oyilo pa nthawi yake ndipo ma camshaft akumutu akutha msanga. Imeneyo ndiye njinga yopirira.

Kadzioche77
Yopirira inde, koma paphiri imakupemphani mutsike.

Chiphaliwali
Imafika. Yanu ya mapisitoni aakuluyo ili kuti panopa?

Kadzioche77
Ikudikira masipeya. Sizikukhudzana.

Mphepozinayi
Akuluakulu, tibwerere kwa wodwala wathu chonde. Ndayamba kumasula, koma masikuluwu a zotsekera za m'mbali akungotha mitu. Komanso mnzanga akuti tikapoperetse injini ndi mchenga wa galasi kuti iwale.

Tsinzinantole
Masikuluwu amenewo si a Phillips, ndi a muyeso wa ku Japan wa JIS. Amafanana pakuoneka, koma sikuludilaiva ya Phillips simakhala bwino m'menemo, imakwera n'kudya mutu. Pezani ya JIS kapena impact driver yomenya ndi hamala. Pomanga, ambiri amaika mabawuti a Allen, koma samalani nawo, amakoma kumanga ndipo munthu amapitiriza mpaka kuthetsa mazinga a mu aluminiyamu. Pomwe mazinga atha kale ikani helicoil, kawaya kopota kobwezeretsa mazinga, osati bawuti yaikulu yokakamiza.

Za mchenga wa galasizo, ine mkati mwa injini sindilola. Timikanda timeneto timalowa m'mabowo a mabawuti ndi m'njira za oyilo, timamatira, mumatsuka n'kumaona ngati mwayera. Injini ikatentha timamasuka. Ngati kuwala kukukusowetsani tulo, tsekani bowo lililonse musanapopere, ndipo mutsuke mobwerezabwereza ndi madzi otentha a sopo.

GogoPisitoni
Poti mwatchula sopo. Masilinda akachoka kwa wobowola, musangowatsuka ndi palafini kapena petulo. Fumbi la mwala wosalazira limakhala m'timizere topingasana tija, ndipo palafini salichotsa. Madzi otentha, sopo ndi bulashi. Pukutani ndi kansalu koyera kothira oyilo pang'ono, kakatuluka kotuwa bwerezani mpaka katuluke koyera. Kenako pakani oyilo nthawi yomweyo, dzimbiri silichedwa.

Maringi atsopanonso musangowakhulupirira chifukwa achoka m'bokosi. Lowetsani imodziimodzi m'silinda, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mpata. Amisiri amawerengera pafupifupi 0.1 mm pa 25 mm iliyonse ya bowo, ndiye pa 64 mm mukuyembekezera cha m'ma 0.25 mm, koma nambala ya m'buku ndiyo ilamule. Mpata ukachepa, ringi ikatentha imatalika, nsonga zimagundana, imathyoka kapena kukanda silinda. Tizitsulo totsekera pini ya pisitoni tikhale tatsopano nthawi zonse. Ndipo potiika, tsekani kukamwa kwa injini ndi nsalu, chifukwa kamodzi kakadumphira pansi mugawanso zonse.

Fulukutu
Agogo akunena zomwe anaziona ndi maso.

GogoPisitoni
Ndinaziona pa benchi la mnzanga, ndipo mawu amene anatuluka sangalembedwe pano.

Mphepozinayi
Nanga oyilo ndidzathire uti? Wina akuti wa galimoto ndi yemweyo.

Chiphaliwali
Ndi yemweyo. Oyilo ndi oyilo. Zolemba pabotolo n'zotsatsa malonda.

Nachisale_T120
Ayi achimwene, pamenepo ndiye mwaphonya. Pa CB350 oyilo mmodzi yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilachi. Oyilo wambiri wa galimoto zamakono amathiridwa mankhwala oterera kuti galimoto isamadye petulo wambiri, ndipo mankhwala amenewo amatha kuchititsa kilachi yonyowa kuterereka. N'chifukwa chake ku Japan anakhazikitsa muyeso wa oyilo wa njinga zamoto wa JASO MA mu 1998. Yang'anani zilembo zimenezo pabotolo. Chinanso, oyilo wa galimoto zatsopano anamuchepetsa zinc pofuna kuteteza catalytic converter, chida choyeretsa utsi mu ekizozi, pomwe camshaft ndi ma rocker a injini zakale zimakhulana mwachindunji ndipo zimamufuna. 10W-40 wa njinga ndi wabwino, kotentha kwambiri ena amakonda 20W-50.

Chiphaliwali
Ine ndathira wa galimoto zaka zonsezi, kilachi sinaterereke.

Fulukutu
Iterereka ndi mphamvu iti?

MadalaWaSipanala
Mkangano wa oyilo sumatha, ndiye ndingonena mbali yomwe aliyense angavomere. Injiniyi imatenga pafupifupi malita awiri okha, ilibe sefa ya pepala, ndipo magiya amamupera oyiloyo. Kusintha pafupipafupi kumathandiza kuposa dzina la pabotolo. Komanso m'mawa mukailiza, ipatseni kanthawi ikulira pansipansi oyilo akwere kumutu. Kuipsereza moto itangodzuka ndi komwe kumatha camshaft.

Kadzioche77
Chabwino, mapisitoni ndagonja. Koma ma points, tizitsulo totseguka ndi kutsekeka totulutsa moto wa pulagi pa nthawi yake, achotseni, muike electronic ignition, kabokosi kamagetsi kogwira ntchito yomweyo. Pamenepo musanditsutse.

GogoPisitoni
Ndikutsutsani pang'ono. Ma points akavuta panjira, kasandipepa ndi sikuludilaiva mwafika kunyumba. Mpata wake ndi 0.3 mpaka 0.4 mm, ndipo pa njinga iyi alipo awiri, silinda iliyonse ndi yake. Kabokosi kamagetsi kakafa, mukankha.

Kadzioche77
Koma ma points amadyeka tsiku ndi tsiku, timing n'kumasuntha osadziwa. Timing ikapitirira, injini imatentha mpaka kuboola pisitoni. Munthu akufuna zaka khumi, osati kugwada pambali pa njinga mwezi ndi mwezi.

Tsinzinantole
Apa a Kadzioche ali ndi mfundo. Ine ndinaika yamagetsi, ma points akale ndimayenda nawo m'kathumba. Koma chilichonse mungasankhe, yambani mwakonza kotchajira. Njinga zimenezi zinabwera ndi rectifier (chowongola magetsi opita ku batire) ya selenium, yomwe imafooka ikakalamba, ndipo moto wa pulagi umadalira batire. Batire likatsika, njinga imayamba kudumphadumpha, munthu n'kumanamizira kabuleta. Ikani regulator ndi rectifier zamakono, tsukani polumikizira mawaya paliponse. Ngati mukhala ndi ma points, chotsani advancer, yomwe imafulumizitsa moto wa pulagi injini ikathamanga, muitsuke ndi kuipaka girizi, imakakamira ikakhalitsa.

Nachisale_T120
Ndipo musamange injini yatsopano n'kuipatsa timalabala takale ta pakati pa kabuleta ndi mutu. Tikang'ambika timayamwa mpweya wakuba, petulo amachepa mu msakanizo, silinda imodzi imatentha kuposa inzake. Ntchito yonse ya wobowola ikhoza kuthera pa kalabala kameneko.

Mphepozinayi
Ndabwera ndi malipoti. Silinda yakumanzere yapitirira muyeso kumtunda, wobowola wati 0.25 siwongola, tipite pa 0.50 mbali zonse. Kagudumu kakang'ono ka tcheni kanatsala theka, tizidutswa take ndatipeza pa kasefa ka pampu monga munanenera a Tsinzinantole. M'kachitini ka oyilo munali phala lakuda lolimba, lodzaza mpaka pakamwa. Ma con rod sakugwedera. Ma valve guide a ekizozi atha. Camshaft mbali imodzi ili ndi timizere, chikhadabo chikukodwa pang'ono, ndipo chotsekera chake cha aluminiyamu nacho chakandika. Ndisalaze ndi sandipepa kapena ndisake zina? Ndipo ikatha kumangidwa ndiyende nayo bwanji masiku oyamba?

Fulukutu
Mukamupatse moni makaniko wa maringi uja.

MadalaWaSipanala
Ngati chikhadabo chikukodwa, sandipepa angochotsa maonekedwe, mpata ukhala utakula. Mpata ukakula camshaft imagwedera, ndipo poti ma points amayendetsedwa ndi nsonga ya camshaft yomweyo, timing sidzakhazikika. Yezani ndi micrometer mufananize ndi buku. Ikakhala kunja kwa muyeso, sakani camshaft ndi chotsekera zabwino, kapena wa makina aikemo bush. Yang'ananinso nkhope za ma rocker, zikakumbika musazikweze pa camshaft yabwino, zidzaidya. Ma guide akasinthidwa, mipando ya ma valve idulidwenso, chifukwa guide yatsopano siimika valve pomwe yakale inkaiimika. Mukatha, tembenuzani mutu, thirani palafini m'zibowo zoyakira moto, muone ngati akudutsa.

Pomanga, pakani oyilo kapena assembly lube pa camshaft, ma rocker ndi mapini. Manati a mutu amangidwe ndi torque wrench, mopingasa kuyambira pakati, pang'onopang'ono m'magawo. Mpata wa ma valve injini ili yozizira ndi 0.05 mm kolowera, 0.10 mm kotulukira. Ikangolira, tsegulani kachitseko kosinthira ma valve mutsimikize kuti oyilo wafika kumutu. Akapanda kuoneka, zimitsani pomwepo.

Kadzioche77
Kenako muikwapule moto kuyambira tsiku loyamba, maringi amakhala msanga.

GogoPisitoni
Musaikwapule, komanso musaiyamwitse. Kuisiya ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali n'koipa, silinda imasalala maringi asanakhale, ndipo popanda mphepo imatentha. Tulukani nayo pamsewu, muzikoka moto pang'ono n'kubweza, muzisinthasintha magiya. Choletsedwa kwenikweni n'kukwera phiri pa giya yapamwamba injini ikubuula, ndi kuisunga pa liwiro limodzi mtunda wautali. Oyilo woyamba atuluke msanga, asanakwane makilomita mazana angapo, ndipo mutsegulenso kachitini kaja muone zomwe kagwira. Injini ikazizira usiku wonse mubwerezenso manati a mutu, gasiketi yatsopano imaphwa, kenako muyezenso ma valve ndi kukunga tcheni.

Mphepozinayi
Ndalemba zonse. Camshaft ndiyeza mawa. Ikakhala kunja kwa muyeso, alipo ali nayo yosungira?

Kadzioche77
Ndili nayo ya fakitale yomwe ndinachotsa mu yanga poika ya mpikisano. Ilibe kakanda ngakhale kamodzi.

Chiphaliwali
Musawapatse msanga amwene, mudzaifuna nokha masipeya aja akafika.